Anatiwerenga mu 2022, nanga manambalawo atithandiza chiyani kuno ku wadi?

Funso lochokera kwa bambo wina wa m'mphepete mwa mzinda wa Chipata: "Ndine membala wa komiti ya chitukuko ya wadi, ija timati WDC. Pamene ndinkamanga nyumba yanga mu 2012, kuseri kwanga kunali minda ya chimanga. Lero nyumba zakwera mpaka m'phiri, msewu wolowera kulibe, pamjigo mzere umayamba 4 koloko m'mawa, ndipo m'kalasi mwa mwana wanga ana ena amakhala pansi. Koma zotsatira za kalembera zikuti Chipata inali ndi anthu oposa 455,000 mu 2010, pamene mu 2022 ndi 327,000 okha. Ndiye kuti tachepa? Nanga manambala amenewa ife a komiti tingawagwiritse ntchito bwanji posankha zitukuko?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Mtima ukhale m'malo, maso anu sakukunamizani, ndipo owerenga aja sanalakwitse. Anthu 455,783 a mu 2010 anali a boma lakale la Chipata, lomwe linkaphatikiza Kasenengwa ndi Chipangali. Madera awiriwa anapatulidwa mu 2018 n'kukhala maboma paokha, chaka chomwecho pamene Lumezi ndi Chasefu anachoka ku Lundazi, Lusangazi n'kuchoka ku Petauke. Choncho anthu 327,059 a mu 2022 ndi a mbali ya bomalo yomwe inatsala. Zili ngati bambo amene ana ake awiri akwatira n'kukamanga kwawo, iye n'kumadandaula kuti mbumba yake yatha chifukwa mbale za nsima zachepa pamphasa. Mukafuna kuyerekeza zaka ziwirizi, phatikizani maboma atatuwo kaye. Chigawo chonse cha Kum'mawa chilinso ndi msampha womwewu: Chama inapita ku chigawo cha Muchinga mu 2011, n'kubwerera kuno mu 2021, ndiye nambala ya anthu pafupifupi 2.45 miliyoni ya mu 2022 ili ndi Chama m'kati mwake. Ndaonapo anthu ophunzira ndithu akugwa pamenepa, n'kulemba malipoti athunthu pa nambala zomwe malire ake ndi osiyana.

Dziko lonse la Zambia linali ndi anthu 13.1 miliyoni mu 2010, ndipo mu 2022 a ZamStats, bungwe lowerenga anthu m'dziko muno, anapeza 19.6 miliyoni. Pa zaka 12 tinawonjezeka ndi anthu 6.5 miliyoni, kutanthauza 3.4 peresenti chaka chilichonse. Nambala imeneyi imaoneka yaing'ono mpaka mutaichitira kasamu kena kamene ife okonza mizinda timakonda: tengani 70, mugawe ndi peresentiyo, yankho lake ndi zaka zomwe zimatenga kuti anthu achuluke kawiri. Apa zikutuluka zaka 20 ndi miyezi ingapo. Mwana amene anabadwa chaka cha kalembera asanakwatire n'komwe, pomwe pali munthu mmodzi lero padzakhala awiri, ngati liwiroli silisintha. Ndipo m'mphepete mwa tauni, monga kwanuko, liwiro limaposa la dziko.

Koma nambala yaikulu ya boma lonse singakuthandizeni kwambiri pa msonkhano wa WDC. Siikuuzani kuti anthuwo agona kuti, ali ndi zaka zingati, ndiponso analowera pati. Mafunso atatu amenewa ndiwo amasankha ngati mukufunika kalasi, mjigo, msika kapena manda.

Anthu amalowa m'tauni kudzera pa zipata zitatu, poti tili ku Chipata ndiloleni ndinene choncho. Chipata choyamba ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Chachiwiri ndi basi, lole kapena njinga yochokera ku Chadiza, Vubwi, Katete kapena Lundazi, mnyamata atanyamula chikwama ndi nambala ya foni ya amalume ake a ku Mchini. Chachitatu anthu ambiri sachiona: tauni yokha ndiyo imayenda, n'kukapeza mudzi pomwe unali kale, n'kuumeza. Agogo amene sanasamukepo chibadwire amadzuka tsiku lina ali "a m'tauni", munda wawo utasanduka mapuloti. Pa misonkhano mlandu wonse umagwera a chipata chachiwiri, akuti obwera ndiwo atithinitsa. Komatu m'matauni ambiri a mu Africa muno gawo lalikulu la kuchuluka limachokera kwa ana obadwira momwemo. Kafukufuku wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mayi wa m'Zambia amabereka ana 4.7 tikagawa mofanana, wa kumudzi 5.8, wa m'tauni 3.4. Ngakhale mutaika mlonda pa Great East Road kuti asalowe munthu, makomboni a Kapata, Magazine ndi Nabvutika angapitirize kudzaza ndi ana awo omwe. N'chifukwa chake nkhani yoti "abwerere kumudzi" sindiipatsa nthawi. Atsamunda anayesa ndi chitupa, ndipo chomwe anatisiyira ndi matauni omangidwira anthu ochepa, omwe anasefukira ufulu utangobwera mu 1964.

Za zaka za anthu ndiye pagona nkhani. M'dziko muno anthu oposa anayi pa khumi alionse sanakwanitse zaka 15. Ubwino wa nambala ya ana ndi woti siifuna ulosi. Mwana amene akupita kusikelo lero akufuna desiki pakatha zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri, malo a kusekondale pakatha zaka khumi ndi ziwiri kapena zitatu, ndipo pakatha zaka 20 akufuna chipinda cha renti ndi poika benchi yake ya ukalipentala. Ana obadwa mu 2022 alowa Giredi 1 mu 2028 kapena 2029. Alipo kale, ali ndi mayina, makadi awo a kusikelo ali m'zikwama za amayi awo. Kalasi ya mwana wanu, imene ana ena akukhala pansi, inadzaza zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, kungoti panalibe amene anapita kuchipatala kukafunsa kaundula. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, ana amene ankakhala kunyumba chifukwa cha ndalama anabwereranso, ndipo iwonso sanagwe kumwamba, anali m'makomboni momwemo osawerengeredwa malo.

Palinso anthu ena amene kalembera sakupatsani. Owerenga amalemba munthu pakhomo pomwe amagona. Koma Chipata ya masana ndi yaikulu kuposa Chipata ya usiku. Imani pa Saturday Market kapena pa msika wa Kapata m'mawa muone njinga zodzaza makala, tomato, nkhuku ndi mbatata zikutsika kuchokera kumidzi, amalonda odutsa pa Mwami kuchokera ku Mchinji, odwala otumizidwa ku Chipata Central Hospital kuchokera m'maboma ena pamodzi ndi owadikirira. Nyengo yogulitsa mtedza, soya, mpendadzuwa ndi chimanga ikafika, malole amachuluka, ndipo kumapeto kwa Febuluwale, pa Nc'wala ku Mtenguleni, malo ogona amatha. Anthu onsewa amamwa madzi, amafuna chimbudzi, amasiya zinyalala, koma m'buku alembedwa ku Kasenengwa kapena ku Malawi. Njanji ya Chipata ndi Mchinji inatsegulidwa mu 2010, ndipo malo atsopano a pamalire a Mwami ndi Mchinji, pomwe maiko awiri amayendera mapepala pamalo amodzi, anatsegulidwa mu Disembala 2022. Zinthu zotere zimakoka anthu, ndipo zimakokera nyumba m'mbali mwa msewu wopita kumalireko. Ngati wadi yanu ili pa msewu waukulu, zimbudzi za pamsika muziwerengera anthu a masana.

Ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi musanatenge liwiro la lero n'kulikoka ngati chingwe mpaka 2050. Anthu amatsata chakudya. Mu 1980 anthu pafupifupi 40 pa 100 alionse m'Zambia ankakhala m'tauni, koma pofika 2000 anatsika kufika pa 35, chifukwa migodi ya ku Copperbelt inali itafooka ndipo ambiri anabwerera kumidzi, ena mwa iwo kuno kwathu. Chilala cha 2024, chomwe boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 Febuluwale chaka chimenecho, ndi mtundu wa chinthu chimene chimakankhira anthu mbali inayo. N'chifukwa chake wokonza mzinda wanzeru amalemba nambala zitatu, yotsika, yapakati ndi yokwera. Malo amasunga motsata yokwera, nyumba zogwiritsa ntchito amamanga motsata yapakati. Malo osungidwa akatsala mumalimapo ndiwo kapena ana amaseweretsapo mpira, palibe chatayika. Koma akachepa, mwagwa nayo.

Tsono inu a komiti mungatani, poti kalembera amabwera mwa apo ndi apo? Chiyambire ufulu wachitika mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022. Choyamba, pitani ku ofesi ya mapulani kukhonsolo kapena ku ofesi ya ZamStats ya chigawo mukapemphe nambala ya wadi yanu, chifukwa zotsatira zimatsika mpaka pa wadi, amuna padera, akazi padera. Funsaninso ngati malire a wadi anasintha pakati pa 2010 ndi 2022, kuopa msampha uja tayamba nawo. Mukatero yambani kuwerenga nokha. Anamwino a pachipatala chanu ali ndi nambala ya ana amene analandira katemera woyamba chaka chilichonse, simukufuna mayina, mukufuna chiwerengero chabe. Ahedi ali ndi nambala ya olembetsa Giredi 1 zaka zisanu zapitazi, ndiponso ya amene anabwezedwa. Anyakwawa ali ndi mabuku a midzi yawo. Mwa achinyamata anu simulephera kukhala mmodzi wodziwa kompyuta, ameneyo atsegule Google Earth, momwe muli zithunzi zakale za malo omwewo, awerenge madenga a mu 2012 ndi a chaka chino, zoni ndi zoni. Ine ndimakondanso njira ina yomwe simungaipeze m'buku: m'mwezi wa Ogasiti ndi Seputembala yendani m'dera lanu muwerenge mauvuni a njerwa ndi maziko okumbidwa. Kumene utsi wa mauvuni wachuluka ndiko kudzakhale mzere wa pamjigo zaka ziwiri zikubwerazi.

Tiyeni tichite samu yongoyerekeza, manambala enieni mudzaikamo anu. Tinene kuti wadi ili ndi anthu 20,000 ndipo ikukula ndi 4 peresenti pachaka. Pakatha zaka khumi anthu adzakhala pafupifupi 29,600. Owonjezekawo ndi 9,600, ndipo tikati khomo lililonse anthu asanu, ndiwo makomo oposa 1,900. Khomo lililonse litatenga puloti ya mamita 20 kwa 30, mapuloti okha adya mahekitala oposa 110, misewu, sukulu ndi misika tisanaziwerengere. Pa madzi, tikapatsa munthu malita 50 patsiku, lero wadiyo ikufuna malita 1 miliyoni tsiku lililonse, ndipo pakatha zaka khumi pafupifupi 1.5 miliyoni. Tikati pa anthu 1,000 alionse pamabadwa ana 35 pachaka, ndiwo ana 700, omwe ndi makalasi 14 a Giredi 1 a ana 50 iliyonse. Werengani makalasi a Giredi 1 omwe alipo m'wadi yanu, kusiyana kwakeko ndiye pempho lanu. Samu imeneyi imakwana pa pepala limodzi la m'kope, koma khansala kapena ofisala akaiona amakhala tsonga, chifukwa ambiri amabwera ndi madandaulo okha.

Tsopano ndifike pa chimene ndikufuna kuti mutenge koposa zonse. Pa zinthu zonse zomwe anthu 9,600 aja adzafune, pali chimodzi chokha chimene simungachigule mochedwa: malo a onse. Kalasi mungamange chaka chamawa ndalama zikapezeka. Paipi mungaikwirire pakatha zaka zisanu. Koma njira yodutsa paipiyo, bwalo lomangapo kalasiyo, zikamangidwapo nyumba ndiye kuti zapita. Kuongola mtengo n'poyamba. Kukhoma zikhomo za msewu m'munda wa chimanga kumafuna tepi, munthu woyeza malo, simenti pang'ono ndi mawu a mfumu. Kutsegula msewu womwewo nyumba zitamangidwa kumafuna kugwetsa makoma a anthu, chipukuta misozi, milandu kukhoti ndi udani wa zaka. Andale amadziwa zimenezi, ndiye saukhudza n'komwe, ndipo komboni imakhala choncho mpaka kalekale, maliro akutuluka pamapewa chifukwa galimoto silowa, nyumba ikupsa ozimitsa moto ali kumsewu waukulu.

Lusaka ndiye phunziro lathu. Unakhala likulu mu 1935, utajambulidwa bwino ndi mitengo m'misewu, koma wojambulira anthu ochepa. Ambiri anakamanga okha kunja kwa mapu, ku Kanyama, Chawama, Misisi ndi kwina, ndipo lero anthu ambiri a mumzindawo amakhala m'makomboni otere. Boma linavomereza mu 1974, ndi lamulo lolola kuti makomboni azikonzedwa pomwe alili ndipo eni nyumba azipatsidwa chilolezo cha zaka 30. Linali lamulo lachifundo, koma kukonza pambuyo n'kodula, ndipo kolera wa mu 2017 ndi wa 2023 mpaka 2024 anakantha kwambiri m'madera omwewo, momwe chitsime ndi chimbudzi zimayang'anizana. Mwa madera omwe kolera wa mu 2017 anayambira munali komboni ya ku Lusaka yotchedwa Chipata, dzina lathu lomwe. Ife kuno tili ndi mwayi umene Lusaka anautaya kale. Chipata inangokhala mzinda mu Febuluwale 2017, wachisanu pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone, ndipo mbali zambiri kumene ikulowera kukadali minda.

Vuto lake ndi loti mindayo yambiri ili m'manja mwa mafumu, pomwe mapu a khonsolo kale ankathera pa malire a malo a boma. Munthu akafuna puloti yotsika mtengo amapita kwa nyakwawa kapena kwa banja lomwe lili ndi munda. Amayeza ndi mapazi, kuchokera pa mtengo wa mango kufika pa chulu, wotsatira amayambira pomwe mnzake wathera, ndipo palibe amene amafuna kutaya mamita khumi kuti pakhale msewu, poti msewu sulipira. Sindiimba mlandu banja logulitsalo. Iwo akuona tauni ikubwera, akuopa kuti mundawo udzatengedwa ulele, ndiye akuti bola tidyeko. Wogulanso sindimuimba mlandu, akuthawa renti. Aliyense payekha akuchita chanzeru, koma zotsatira zake ndi zomwe mukuziona kuseri kwa nyumba yanu.

Lamulo lilipo lothandiza pamenepa, ndipo anthu ochepa amalidziwa. Urban and Regional Planning Act ya mu 2015, yomwe inalowa m'malo mwa lamulo lakale la mapulani a matauni ndi lija la 1974, imafuna kuti khonsolo iliyonse ikhale ndi pulani ya chitukuko ya boma lonse, yotchedwa IDP, ya zaka khumi, yowunikidwanso pakatha zaka zisanu. Pulaniyi imayenera kuyambira pa chiwerengero cha anthu ndi mmene chidzakulire, ndipo anthu a m'deralo amayenera kufunsidwa. Pansi pake pamatha kukhala pulani yaing'ono ya dera limodzi, ngati lanulo. Ndipo chachikulu, lamuloli limalola khonsolo kupangana ndi mfumu kuti malo a mfumu ajambulidwe mwadongosolo. Malowo sachoka m'manja mwa mfumu chifukwa cha panganolo. Chomwe chimasintha n'choti pogawa, nyakwawa amatsata mapu omwe onse agwirizana. Kusandutsa malo a mfumu kukhala a taitolo ya zaka 99 ndi nkhani ina, ya lamulo la malo la mu 1995, ndipo imafuna chilolezo cha mfumu. Muzisiyanitsa ziwirizi polankhula ndi akuluakulu, chifukwa mukazisakaniza adzamva ngati mwabwera kudzalanda dziko, ndipo nkhani idzathera pomwepo. Pitani mwaulemu wake, kudzera kwa nduna, monga mmene timachitira kwa a Mpezeni kapena kwa Gawa Undi ndi mafumu awo, ndipo yambani ndi zomwe mfumu ipindule: puloti yokhala pa msewu imakwera mtengo, milandu ya malire yomwe imadya nthawi pabwalo imachepa, ndipo manda a makolo ndi madimba zimalembedwa pa mapu kuti asazikhudze.

Simukufunika mapu okongola a mitundumitundu. Zoyamba kukhoma ndi misewu ikuluikulu, yotalikirana pafupifupi kilomita imodzi kuti munthu asayende mtunda wautali kukakwera galimoto, yotakata mokwanira kuti mudzadutse ngalande, mapaipi ndi mapolo a ZESCO. Ngakhale ikhale yafumbi zaka 15, bola ikhalepo. Kenako bwalo la sukulu, la chipatala, la msika, manda, ndi kotayira zinyalala. Manda timawaiwala nthawi zonse chifukwa palibe amene amafuna kuwatchula pa msonkhano, koma anthu akachuluka kawiri maliro nawonso amachuluka. Malo mwasungawo musawasiye tchire. Tchire la pakati pa nyumba limaitana munthu wa njerwa usiku. Dzalanipo mitengo m'malire, ikanipo zigoli za mpira, lolani gulu la amayi lilimepo, kuti pakhale anthu amene adzakuwa wina akayamba kukumba maziko.

Chipata ili m'chigwa chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo zimenezi zimapangitsa nkhani yathu kukhala yosiyana ndi ya matauni a pachidikha. Malo osalala akatha anthu amakwera m'phiri kapena amatsikira kudambo, ndipo mbali zonse ziwiri zili ndi mtengo wake. Phiri likametedwa mitengo n'kufoleredwa ndi malata, madzi a mvula salowanso pansi, amatsika onse nthawi imodzi, kukumba zigwembe m'njira, kukadzaza Lunkhwakwa ndi mchenga ndi mapepala apulasitiki. Womanga pamwamba saona vuto, amalira ndi wa kumunsi. Madzi a m'mipope ya mzindawu amadalira madamu a Lutembwe, ndipo dothi lililonse lokokoloka kumtunda kwa damu limakakhala pansi pa damulo n'kuchepetsa madzi omwe lingasunge, pa nthawi yomwe akumwa akuchuluka. A Eastern Water and Sanitation Company angawonjezere mapaipi, koma paipi siibala madzi. Kudambo nako madzi ali pafupi, chitsime chimatuluka pa mamita ochepa, ndipo n'chimene chimakopa anthu. Koma alangizi a zaumoyo amati chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita 30. Pa puloti ya 20 kwa 30, yokhala ndi eni nyumba ndi mabanja anayi a renti kuseri, mamita amenewo muwapeza kuti? Chimbudzi chanu chikatalikira chitsime chanu chimayandikira cha aneba. Apa mpamene nambala ya anthu pa hekitala imodzi imaposa nambala ya wadi yonse kufunika kwake. Nyumba zikathinana kufika pamenepo, mjigo wina suthandizanso, pafunika madzi a m'paipi ngakhale a pa kiyosiki, ndi zimbudzi zomangidwa ndi njerwa m'kati zoti n'kupopedwa. Ndipo galimoto yopopa imafuna msewu. Mwaona kuti tabwereranso pa zikhomo zija.

Ndikuuzeni cholakwa changa, kuti musaganize kuti ife a mapu timaona zonse. Ndili wamng'ono pa ntchito, m'khonsolo ina yomwe sindiitchula, tinawerenga bwinobwino kuti dera lina likufunika msika wa mabenchi ochuluka. Samu inali yolondola. Malo tinasankha pomwe mapu ankaonetsa kuti palibe mwini, kuseri kwa nyumba, kutali pang'ono ndi pomwe anthu amatsikira basi. Amayi ogulitsa anabwera pa tsiku lotsegulira, anavina, anadya, m'mawa mwake anabwerera m'mbali mwa msewu. Msikawo unasanduka khola la mbuzi. Ndinadziwa kuchuluka kwa anthu koma sindinadziwe njira yomwe mapazi awo amadutsa madzulo pochokera kuntchito, ndipo mayi aliyense wogulitsa tomato akanandiuza ndikanamufunsa. Safunsa anadya phula. Inu a WDC muli ndi chimene ine ndinalibe, mumagona komweko.

Pa za CDF, ndalama za chitukuko zomwe boma limapereka ku madera a aphungu, ndalamazi zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, ndipo zakhala zikukwera chaka ndi chaka. Koma dziwani kuti zimaperekedwa mofanana ku dera lililonse la phungu, kaya muli anthu ochuluka kaya ochepa, choncho m'dera lothinana ngati Chipata Central kwacha imodzi imagawidwa pakati pa anthu ambiri. Pa komiti pamakhalanso chiyeso chogawa zitukuko mofanana, zoni iyi mjigo, iyo mjigo, kuti pasakhale wodandaula. Mtendere wa pa msonkhano umapezeka, koma zoni yomwe madenga achuluka katatu imalandira chimodzimodzi ndi yomwe sinasinthe. Pepala la samu lija ndilo lingakutetezeni pamene mukuuza anzanu kuti chaka chino makalasi apite uko. Ndipo funsani kukhonsolo ngati ntchito yoyeza ndi kukhoma zikhomo za misewu ndi malo a onse ingalowe pa mndandanda wa zopempha zanu. Ilibe riboni yodula, palibe amene adzajambulitse pa chikhomo cha simenti, n'chifukwa chake siipemphedwa kawirikawiri.

Mwina wina pa komiti adzati njira yachidule n'kuuza anthu kuti achepetse kubereka. Imeneyo ndi nkhani ya m'banja ndi ya achipatala, ndipo kulera kumathandizadi, makamaka mtsikana akakhalitsa pasukulu, poti chigawo chathu chili m'gulu la zigawo zomwe atsikana ambiri amatenga mimba asanafike zaka 20. Koma pa mapulani a zaka khumi kapena 15 sizisintha zambiri. Amayi a mu 2035 anabadwa kale, ndi omwe akukhala pansi m'kalasi limodzi ndi mwana wanu. Ngakhale aliyense atadzabereka ana awiri okha, iwowo ndi ambiri, ndipo aliyense adzafuna khomo lake. Ambiri sadzayamba ndi puloti, adzayamba ndi chipinda chimodzi cha renti, ndiye musadane ndi eni nyumba omanga zipinda kuseri. Chofunika n'choti zipinda zikachuluka, zimbudzi ndi madzi zichuluke nazo. Ganiziraninso kumene achinyamatawo adzagwirire ntchito. Wowotcherera zitsulo, wokonza njinga zamoto, wosoka, wonyamula anthu panjinga, onsewa amafuna kamalo ka m'mbali mwa msewu wodutsa anthu, ndipo mukapanda kuwasungira adzakapeza okha, pa ngalande kapena pakhomo la sukulu.

Kumene nyumba zakwera kale m'phiri kuseri kwanuko, musayembekezere msewu wa mamita 20. Kambiranani ndi eni nyumba za njira imodzi yoti ambulansi ifike pakati, aliyense abweze mpanda mita imodzi kapena iwiri, ndi ngalande yotsata njirayo. Zimatheka anthu akaona kuti onse akutaya mofanana, ndipo zimakanika pamene wina wamphamvu wasiyidwa. Koma mphamvu zanu zambiri zipite kutsogolo, kumene kukadali chimanga. Pa msonkhano wotsatira tengani nambala ya wadi, nambala ya kusikelo, ya Giredi 1 ndi ya madenga, muitane nyakwawa wa mbali imeneyo ndi wa mapulani wa kukhonsolo, ndipo mukayende nawo m'mindamo anthu akangokolola, mu Meyi kapena Juni, mapesi ali pansi ndipo malire akuoneka. Mukadikira mpaka Ogasiti mudzapeza njerwa zaumbidwa kale.